Kachishango ka pa browser: kukabisa n'kosiyana ndi kukachotsa

Zikomo amayi, abambo ndi achinyamata nonse chifukwa chobwera. Amene muli ndi malaputopu tsegulani, amene mulibe sunthirani kwa mnzanu muzionera limodzi. Funso la lero lachokera kwa amayi akhala kutsogolo kunowa. Akuti pa Chrome yawo, m'mwamba chakumanja, pafupi ndi pamene timalemba adiresi ya tsamba, pabwera kachizindikiro konga chishango. Sanakaike okha, ndipo kamangotulutsa mauthenga owauza kuti agule chitetezo china. Akufuna kachoke.

Choyamba tidziwe kuti n'kachiyani. Kameneka ndi kapulogalamu kakang'ono komamatira pa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Edge kapena Firefox), dzina lake extension. Makampani ambiri a antivirus ali nato: McAfee ali ndi WebAdvisor, Norton ali ndi Safe Web, Avast ali ndi Online Security. Ntchito yake ndi kuyang'ana masamba amene mukutsegula n'kukuchenjezani ngati tsamba lili lokayikitsa. Kalowa bwanji inu osadziwa? Nthawi zambiri laputopu yatsopano imabwera ndi antivirus yongoyeserera ya masiku ochepa. Njira ina ndi pamene mukuika pulogalamu ina yaulere, penapake pali kabokosi kochongedwa kale, inu mukungodina Next, Next, osawerenga. Mwavomereza osadziwa.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa. Kukabisa ndi nkhani ina, kukazimitsa ndi ina, kukachotseratu ndi inanso. Ikani mouse pa kachishangoko, dinani batani la kumanja. Patuluka mndandanda waufupi. Mukadina Unpin, kachizindikiroko kasowa pamaso panu, koma kakadali mkati, kakugwirabe ntchito. Mukafuna umboni, dinani kachizindikiro kena kaja kooneka ngati chidutswa cha puzzle, mukapeza katakhala mmenemo bwinobwino. Ngati vuto lanu linali lakuti kakukusowetsani mtendere m'maso basi, pamenepo mwathana nako. Koma ngati simukukafuna n'komwe, pa mndandanda womwewo sankhani Remove from Chrome, ikakufunsani mutsimikize.

Njira imene ine ndimaikonda ndi iyi. Pamalo polemba adiresi lembani chrome://extensions n'kudina Enter. Muona tonse timene tili mu browser yanu, tina simunatidziwepo. Kalikonse kali ndi kaswichi kozimitsira ndi batani la Remove. Ngati mukukayikira, yambani mwazimitsa, muone kwa sabata ngati pali chimene chasokonekera, kenako muchotse. A Edge lembani edge://extensions. A Firefox lembani about:addons, kapena dinani Ctrl, Shift ndi A pamodzi.

Bambo kumbuyoko akuti anachotsa, koma atazimitsa kompyuta n'kuyatsanso kanabwereranso. Inde bambo, zimachitika. Chifukwa chake n'chakuti muzu wake suli mu browser, uli mu Windows. WebAdvisor mwachitsanzo imakhala ngati pulogalamu payokha pa mndandanda wa mapulogalamu. Pitani ku Settings, kenako Apps, pa Windows 11 pali Installed apps, pa Windows 10 pali Apps & features. Pezani dzina lake, dinani Uninstall, mukatero mutseke browser n'kuitsegulanso. Ma antivirus ena, mukawatsegula, ali ndi malo awoawo ozimitsira chitetezo cha pa browser, ndipo mukapanda kuzimitsa pamenepo azingokufunsani kuti mukabwezeretse.

Mukapeza kuti batani la Remove kulibe, ndipo Chrome ikunena kuti Managed by your organization, imani kaye. Ngati kompyutayo ndi ya kuntchito kapena ya kusukulu, anaika dala ndi oyang'anira makompyuta, musalimbane nako, kawafunseni. Koma ngati ndi yanuyanu ya kunyumba, ndiye kuti pali pulogalamu imene yadzipatsa ulamuliro pa browser yanu. Mwina ndi antivirus yomweyo, mwina ndi chinthu choipa chimene chikubisala. Lembani chrome://policy muone chimene chalembedwa pamenepo, ndipo pezani munthu wodziwa akuthandizeni.

Wina anganene kuti, bwanji osangokasiya, si kachitetezo? Ndikuuzeni chimene chimandidetsa nkhawa. Pa tsamba la extensions lija dinani Details, muwerenge chilolezo chimene kanatenga. Tambiri timapempha kuwerenga ndi kusintha zonse za pa masamba onse amene mumatsegula. Tanthauzo lake n'lakuti kangathe kuona kumene mumapita pa intaneti, tsiku lililonse. Izi si nthano. Mu Disembala 2019 Mozilla, eni ake a Firefox, inachotsa kwa kanthawi ma extension a Avast ndi AVG pa malo ake otengerapo ma extension chifukwa ankasonkhanitsa zambiri za anthu kuposa zofunikira. Mu Januwale 2020 Avast inatseka Jumpshot, kampani yake imene inkagulitsa mbiri ya masamba amene anthu ankatsegula. Ndipo mu Febuluwale 2024 bungwe la FTC, loteteza ogula ku America, linalamula Avast kulipira madola 16.5 miliyoni pa nkhani yomweyi. Sindikunena kuti tonse timachita zimenezi, ayi. Ndikunena kuti kanthu kamene kamaona zonse zanu kayenera kukhala kamene mwasankha nokha.

Nanga mukachotsa, mutsala opanda chitetezo? Ayi ndithu. Chrome ndi Firefox zili ndi Google Safe Browsing mkati mwake, tsamba lofiira lija limene limakuimitsani musanalowe pa tsamba loopsa. Edge ili ndi SmartScreen, yogwira ntchito yomweyo. Kuchotsa extension sikuchotsa antivirus yeniyeni, iyo imapitiriza kulondera mafayilo anu. Ndipo ngakhale mutachotsa antivirus yonse yoyeserera ija, Windows 10 ndi 11 zili ndi Microsoft Defender, imene imadzuka yokha inayo ikachoka. Koma musangokhulupirira ine, tsegulani Windows Security muone ngati pali tizizindikiro tobiriwira.

Chotsiriza, musasokoneze kachishango aka ndi timauthenga timene timatulukira pansi chakumanja, tonena kuti kompyuta yanu ili ndi mavairasi asanu, dinani apa msanga. Timeneto nthawi zambiri sitichokera ku antivirus ayi, ngakhale tili ndi dzina ndi chizindikiro cha kampani yodziwika. Ndi tsamba lachinyengo limene tsiku lina munaliloleza podina Allow. Musadine, ndipo nambala ya foni ikalembedwapo musaimbe. Pitani ku Settings ya Chrome, Privacy and security, Site settings, kenako Notifications, muchotse tsamba lililonse limene simukulidziwa.

Tiyeni tsopano aliyense atsegule tsamba la extensions pa kompyuta yake. Amene mwapeza dzina lachilendo kwezani dzanja musanachotse, ndibwere tilione limodzi. Amayi, tiyambire pa yanu.