Meya David Dinkins: New York inachedwa kumuthokoza

Moni nonse amene mukuonera. Mu Okutobala 2015, meya wa New York, a Bill de Blasio, anapereka dzina la a David Dinkins ku chinyumba cha maofesi a mzinda chimene chili pa 1 Centre Street ku Manhattan. Sanangotola nyumba iliyonse ayi. A Dinkins anagwiramo ntchito zaka 14, poyamba ngati mlembi wa mzinda, kenako ngati mkulu wa dera la Manhattan, asanakhale meya woyamba wachikuda wa mzindawo mu 1990. A de Blasio nawo ali mnyamata ankagwira ntchito pansi pa a Dinkins, ndipo mkazi wawo, a Chirlane McCray, anadziwana nawo pa ntchito yomweyo.

Nanga a Dinkins atakhala pampando anayamba ndi chiyani? Chitetezo. Mu 1990 mokha anthu oposa 2,200 anaphedwa mumzindawo. Mu 1991 anayambitsa ndondomeko ya Safe Streets, Safe City, anawonjezera msonkho n'kulemba apolisi zikwizikwi.

Koma ine chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi: sanaiwale achinyamata. Anatsegula malo otchedwa Beacon m'sukulu za boma. Belu loweruka likalira, zitseko sizinkatsekedwa. Mwana amene akanangoyendayenda mumsewu mpaka usiku ankakhala m'kalasi kulemba homuweki kapena kusewera mpira, makolo ake ali m'chipinda china akuphunzira nawo. Malowa alipo mpaka lero.

Umbanda unayamba kutsika iwo akadali pampando. Komatu wapolisi sumulemba lero n'kumuona pamsewu mawa, amayamba waphunzitsidwa kaye. Ambiri anayamba ntchito a Dinkins atagonja kale kwa a Rudy Giuliani mu 1993, moti mbiri yabwino inapita kwa wokolola, wolimayo n'kuiwalika. Zolakwa anali nazo, tisabise: pa zipolowe za ku Crown Heights, dera lina la mumzindawo, mu 1991 anadzudzulidwa kwambiri kuti anachedwa kuchitapo kanthu, ndipo zimenezi zinawadyera mavoti.

A de Blasio atalowa mu 2014 anayambiranso kwa ana. Pofika Seputembala chaka chomwecho, sukulu ya mkaka yaulere ya ana a zaka 4 inali itafalikira mumzinda. Pamwambo wa 2015 uja a Dinkins analipo, ali ndi zaka 88, ndipo anadzionera okha ulemuwo. Anamwalira mu Novembala 2020.