N'chifukwa chiyani mnzanu akangoti zii mumadziwiratu kuti wakana?

[Wolankhula akuyang'ana kamera]

Tayerekezani mwafunsa mnzanu kuti, "Mawa ubwera kuukwati kuja?" Iye n'kungoti zii. Sekondi imodzi yokha. Kenako, "Aaa... mawatu..." Basi, mwadziwa kale kuti sabwera, chikhalirecho mawu oti ayi sanatuluke pakamwa pake. Mwadziwa bwanji?

Anthutu amatenga digiri pa funso limeneli. Kuyunivesite phunziroli amalitcha conversation analysis, kusanthula mmene macheza amayendera.

Analiyambitsa ndi Harvey Sacks, katswiri wofufuza za kakhalidwe ka anthu, ku California m'zaka za m'ma 1960. Iye ankamvetsera matepi a mafoni oimbidwa kumalo othandiza anthu ofuna kudzipha ku Los Angeles. Anaona kuti wolandira foni akatchula dzina lake, woimbayo amatchulanso lake. Koma munthu wina anangoyankha kuti sakumva bwino. Pofika poti abwerezerwe, mpata wotchula dzina unali utadutsa. Sanakane, komanso sanadziulule. Sacks anati, ayi, macheza ali ndi dongosolo lake.

Mu 1974, iye ndi akatswiri anzake, Emanuel Schegloff komanso Gail Jefferson, anatulutsa pepala lofotokoza mmene timapatsirana mpata polankhula.

[Pa sikirini: (0.7)]

Kalembedwe aka ndi ka Jefferson. Manambalawo akusonyeza kutalika kwa chete, m'masekondi. Wophunzira amajambula macheza enieni, atapempha chilolezo, n'kulemba chilichonse: kupuma, kuseka, malo amene awiri alankhulira pamodzi. Kunena zoona, ndi ntchito yotopetsa. Kachigawo kamodzi mumakabwereza mpaka makutu kuwawa. Koma m'menemo ndi mmene muli nkhani.

Kafukufuku wa 2009 wa zilankhulo 10 anapeza kuti funso likatha, yankho limabwera pakangodutsa pafupifupi masekondi 0.2. Chonsecho kuti ubongo ukonze liwu limodzi pamafunika masekondi pafupifupi 0.6. Ndiye kuti mnzanu ali m'kati molankhula, inu mwayamba kale kukonza yankho.

N'chifukwa chake sekondi yathunthu imamveka yaitali. "Inde" amatuluka msanga, alibe zokometsera. "Ayi" amachedwa, ndipo amabwera atanyamula chipepeso ndi zifukwa.

Tibwerere kwa mnzanu uja. Mukangomva chete ameneyo, nthawi zambiri simudikira n'komwe. Mumalumphira nokha: "Kapena watanganidwa?" Iye n'kuti, "Eya, ndili ndi kaulendo." Mwam'tsegulira khomo lothawira ndinu.