Makalata a Omvera: Mtima Wokonda Kuphunzitsa Ana

Takulandirani, omvera athu, ku gawo la makalata anu. Tinapempha kuti mutilembere za ntchito yophunzitsa ndi kulangiza ana, ndipo mwa makalata amene afika tasankhapo atatu. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba sitiwatchula.

Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wina, ndipo akuti:

"Zikomo a wayilesi. Ine ndinamaliza sekondale koma sindinapite ku koleji ya uphunzitsi. Ana a anthu oyandikana nawo akaweruka kusukulu amabwera ndi makope awo kuti ndiwathandize masamu ndi kuwerenga, ndipo palibe chimene chimandikoma mtima ngati kuona mwana amene anabwera ali ndwii akumwetulira chifukwa samu yatheka. Koma pali kamtsikana kena kamene ndikakafunsa funso kamangozyolika n'kumaluma pensulo, mpaka ndimayankha ndekha. Kodi n'chifukwa choti ndilibe setifiketi? Ndisiyire akatswiri?"

Achimwene, musasiye. Maphunziro a uphunzitsi ndi ofunika, ndipo mwayi ukapezeka mukawachite, koma gwero la vuto lanu mwalitchula nokha pamene mwati mumayankha nokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe, katswiri wa kaphunzitsidwe ka sayansi wa ku America, atamvetsera zokambirana za m'makalasi ambiri anaonetsa kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenako amabwereza funsolo, kuloza mwana wina, kapena kuyankha okha. Aphunzitsi atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana anatalika, ana olephera kuyankha anachepa, ndipo ena amene ankangokhala duu anayamba kutsegula pakamwa. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choncho mukamufunsa mwanayo, tsekani pakamwa, muwerenge chamumtima, ndipo nkhope yanu isaonetse kuti mwatopa naye, pakuti ana amaiwerenga nkhope ya munthu wamkulu asanaphunzire n'komwe kuwerenga buku. Muyambirenso pamene iye ali. Ngati 14 kuchotsa 6 ikumuvuta papepala, muikireni timiyala 14 patsogolo pake kuti achotse yekha ndi zala zake, ndipo akalakwitsa mufunseni kuti, "Unaganiza bwanji kuti upeze yankho limeneli?" Yankho lake lidzakuonetsani pamene njira inamusokonekera. Ndikupemphaninso kuti makolo a mwana aliyense azidziwa kumene mwana wawo ali, ndipo muziphunzitsira poonekera, chifukwa zimenezi zimateteza ana ndiponso mbiri yanu.

Kalata yachiwiri, imene yandikhudza kwambiri, yachokera kwa mayi amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi:

"Moyo wanga wonse ndaukhalira pakati pa ana, ndipo ngakhale ndinapuma, mtima sunapume. Chaka chino ndinayamba kulangiza mnyamata wa zaka 13 amene kunyumba kwawo kulibe mtendere. Poyamba ankabwera, koma tsopano amajomba, amandiyankha mwamwano, ndipo tsiku lina anandiuza kuti nanenso ndidzamusiya monga ena onse. Ana anga akuti ndikungodzitopetsa. Kodi ndimutaye ndi kupeza wina amene akufuna thandizo?"

Mayi, mawu amene mwanayo anakuuzani ndi amene ali ndi yankho. Mwana amene akuluakulu amugwiritsa fuwa la moto kambirimbiri amayesa munthu watsopano mwadala kuti aone ngati nayenso achoka, ndipo mwanowo nthawi zambiri umakula pamene wayamba kukudalirani, chifukwa tsopano ali ndi chinthu choopa kutaya. Mu 2002, Jean Grossman ndi Jean Rhodes anaunika maubale a ana ndi alangizi awo m'bungwe la Big Brothers Big Sisters ku America. Anapeza kuti ana amene ubale wawo unapitirira chaka ndiwo anapindula kwambiri, pamene amene ubale wawo unatha miyezi 3 isanakwane anabwerera m'mbuyo pa kudzidalira kwawo. Ndiye kuti kumuyamba mwana n'kumusiyira panjira kumamusiyira bala lina pamwamba pa mabala akale.

Palinso kafukufuku wa Emmy Werner ndi Ruth Smith, amene anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atakula. Mwa ana amene anakulira mu umphawi ndi m'mabanja a mikangano, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anakula n'kukhala munthu wokhazikika, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zinkaoneka mobwerezabwereza pa moyo wa anawa chinali munthu wamkulu wowasamala, kaya agogo, mphunzitsi kapena woyandikana naye nyumba.

Sindikunena kuti mudzipweteke, Mayi, pakuti ana anu akulankhula chifukwa chokukondani. Chepetsani zimene mukulonjeza kuti zikhale zimene mungakwanitse, ngakhale ola limodzi pa sabata, koma tsikulo likhale lodziwika ndipo inu muzipezeka, iye abwere kapena asabwere. Akajomba n'kubweranso, musayambe ndi mlandu. Muuzeni kuti, "Ndinakudikira, ndipo ndakondwa kuti wabwera." Mwano muudzudzule ndithu, koma iye amve kuti chimene mukukana ndi khalidwelo. Ndipo ngati mwaona zizindikiro zoti kwawoko akuchitiridwa nkhanza, katundu ameneyo musamusenze nokha, kadziwitseni a zachitetezo cha ana.

Kalata yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wina: "Ife tinaphunzira ndi chikwapu ndipo tinakhoza. Ndimakonda kuphunzitsa ana anga madzulo, koma popanda mkwapulo angamve?"

Bambo, ndikuyamikira kuti mumakhala pansi ndi ana anu madzulo, koma pa chikwapu sindigwirizana nanu. Mwana wamantha amaloweza kuti apulumuke ndipo amabisa zimene sanamvetse, pamene zimenezo ndi zomwe inu mukufunika kuziona kuti mumuthandize. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, m'ndime 28, limati chilango cha kusukulu chiyenera kulemekeza ulemu wa mwana monga munthu, ndipo sindikuona chifukwa choti mwana akaphunzira kunyumba ulemuwo uchepe. Gwirizanani nawo malamulo ochepa omveka bwino, monga nthawi yoyambira ndi yomalizira, ndipo wophwanya ataye mwayi wa chinthu chimene amachikonda tsiku limenelo. Yesani mwezi umodzi, kenako mutilemberenso kuti tidzawerengere omvera anzanu mmene zayendera.