Nkhondo ya tizilombo m'matumbo mwanu

[Wofotokoza waima m'mphepete mwa munda wa tiyi ku Thyolo]

Muli bwanji nonse? Taonani tiyi uyu. Akakula n'kutsekerana chonchi, udzu umasowa pomera. M'matumbo mwanu zimakhalanso choncho.

Thupi la munthu wamkulu limasunga mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ambiri m'matumbo aakulu. Musanyansidwe, ambiriwo ngabwino, ndipo amatseka malo kuti oipa asowe pokhala. Ndipo kutseka malo kokha sikuwakwanira. Ena amapanga mapuloteni otchedwa bacteriocin, ophera mabakiteriya omwe akulimbirana nawo chakudya.

[Chithunzi cha bakiteriya akubooledwa]

Woyamba kudziwika ndi colicin, wopangidwa ndi bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli. André Gratia wa ku Belgium anamutulukira mu 1925, penicillin asanabwere. Ma colicin ena amaboola khungu la bakiteriya winayo mpaka kufa, ena amalowa mkati n'kuduladula DNA yake. Nanga mwini wakeyo bwanji samafa? Amapanganso puloteni ina yodzitetezera. Kuchenjera kwake kumeneko!

Mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, dokotala Alfred Nissle wa ku Germany anaona msilikali wina yemwe sankadwala m'mimba pomwe anzake ankagona nako kamwazi. Anapima chimbudzi chake n'kupezamo mtundu wina wa E. coli, womwe lero tikudziwa kuti umapanga timapuloteni totchedwa microcin, tophera mabakiteriya ena. Mpaka pano umagulitsidwa ku Germany ndi dzina la Mutaflor.

Tsono apa ndi pomwe pali nkhani. Bacteriocin nthawi zambiri amasankha woti amuphe, makamaka mabakiteriya apachibale. Makapisozi a amoxicillin omwe ena amagula pagolosale akangomva chimfine sasankha, amasesa abwino omwe. Chimfine chomwecho chimayamba ndi mavairasi, ndiye kapisozi sachikhudza n'komwe. Matumbo akatsala apululu, bakiteriya woopsa monga Clostridioides difficile amapeza mpata, munthu n'kuyamba kutsegula m'mimba koopsa.

[Kapu ya chambiko pa tebulo]

A ku Bvumbwe, mkaka mumaudziwa. Mmodzi mwa mabakiteriya osasitsa mkaka, Lactococcus lactis, amapanga bacteriocin wotchedwa nisin, yemwe mafakitale amathira mu tchizi kuti chisaonongeke msanga. Komatu chambiko si mankhwala. Mwana akatsegula m'mimba, m'mwetseni Thanzi ORS ndipo thamangirani naye kuchipatala. Ngati pakufunika kapisozi, adokotala ndi omwe anene.