Agogo akati "ndi ukalamba basi" musangovomera

Zikomo amfumu pondipatsa mpata, zikomonso nonse mwabwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi. Ine lero ndabwera ndi nkhani ya ululu wa makolo athuwa, uja wosatha, woti wapitirira miyezi 3 ukungobwerabwera. Mawondo, msana, chiuno, ena mapazi kutentha usiku ngati aponda makala. Vuto lake agogo sanena, ukawafunsa amangoti "aa mwanawe ndi nyamakazi, takalamba ife", ndiye ife tawagulira Panado pa okala, tapita kumunda, nkhani yathera pompo.

Kafunsidwe kake kalipo. Musamati "mwadzuka bwanji" basi chifukwa yankho mukulidziwa kale. Awonetseni dzanja, muwauze kuti chibakera ndiye kuti palibe ululu, zala zonse 5 ndiye kuti zafika posauzana, iwo akweze zala zawo. Kenako funsani kuti pakupweteka ndi pati, pakubaya kapena pakutentha, nanga ululuwo ukuwaletsa chani, kugona? kunjuta kuchimbudzi? kutchalitchi anasiya liti? Amene anayamba kuiwalaiwala aja sangakuuzeni, inu muziona nkhope, kubuula mukamawasambitsa, kukana nsima, kukalipa popanda chifukwa. Si nkhanza ayi, mwina pali pomwe pakuwawa.

Tsopano mankhwala, apa ndiye mumvetsetse. Panado wa 500mg munthu wamkulu asapitirire 8 patsiku, ndipo agogo owonda ofooka 6 akwana. Koma Brufen, Indocid, diclofenac amene mukugula pamsika aja mukuwapatsa tsiku ndi tsiku mwinanso m'mimba mulibe kanthu, amenewa amapala m'mimba mpaka zilonda, amawononga impso, BP imakwera. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula ndi magazi amenewo, kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuche. Chimodzimodzi ngati akuwonda osadziwika chifukwa, kapena ululu ukuwadzutsa pakati pausiku.

Mapazi otentha aja nthawi zambiri ndi misempha, mwina shuga, ndipo ululu wotsalira pomwe panali mashingozi nawonso ndi wa misempha, Panado pamenepo sagwira kwenikweni. Alipo ena ngati amitriptyline koma adokotala ndi amene amayambitsa, pang'ono pang'ono, chifukwa amachititsa chizungulire agogo atha kugwa. Morphine wamadzi ujanso, mankhwala amphamvu oletsa ululu, musamuope, ena mumati akapatsidwa ameneyo ndiye kuti atsanzika, ayi, ku Tiyanjane, kiliniki yosamalira odwala matenda okhalitsa pachipatala cha Queens ku Blantyre, amapereka kuti wodwala khansa agone tulo, adye. Kungoti amadzimbiritsa, ndiye funsaniretu mankhwala ofewetsa m'mimba.

Komanso tisawagoneke pamphasa tsiku lonse poti tawamvera chisoni, mawondo amauma. Aziyendako pabwalo, ndodo agwire kudzanja la mbali yosapwetekayo, kuchimbudzi muwakhomere kampando koboola pakati. Tsiku lopita kuchipatala tengani buku lawo, ndipo mapilitsi onse ali m'nyumbamo, ngakhale a pa okala ndi a zitsamba omwe, muike mujumbo adokotala akawaone.