Mmene mungadzilankhulire mtima ukamagunda musanaime pamaso pa anthu

Omvera athu, ndakulandirani nonse kulikonse kumene mukutimvera. Madzulo ano ndikupatsani malangizo a mmene mungadzilankhulire mumtima pamene mukudikira chinthu chochititsa mantha, kaya ndi mayeso a MSCE, kaya mwaitanidwa kukafunsidwa mafunso a ntchito, kaya mwapemphedwa kulankhula pamaliro m'malo mwa banja.

Mkati mwa ubongo muli tizigawo tiwiri tating'ono ngati mtedza, totchedwa amygdala, timene timachenjeza thupi pakakhala ngozi. Chenjezo likaperekedwa, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, ndipo mtima umagunda mwamsanga, m'kamwa mumauma, m'manja mumatuluka thukuta. Chenjezo limeneli silidikira kuti ngoziyo ikhale yeniyeni. Munthu amene wakhala pabenchi panja pa ofesi, envulopu ya masatifiketi ili m'manja, n'kumadziuza kuti "ndine wolephera, andiseka," akudziutsira yekha mantha, ndipo akamalowa m'chipindamo zimene anakonzekera zimakhala zitabalalika kale.

Choyamba, tchulani chimene mukumva, musachibise. Nenani motsitsa kuti, "Ndili ndi mantha." M'chaka cha 2007, Matthew Lieberman ndi anzake a pa yunivesite ya UCLA ku America anaonetsa anthu zithunzi za nkhope zokwiya ndi zamantha, uku makina akujambula ubongo wawo. Anthuwo akasankha mawu ofotokoza zimene nkhopeyo ikuonetsa, amygdala inkachepa mphamvu, pamene mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imathandiza munthu kulingalira ndi kudziletsa, inkagwira ntchito kwambiri.

Mukatero, dziitaneni ndi dzina lanu, monga mmene mnzanu wokufunirani zabwino angakuitanireni. Ngati dzina lanu ndi Chisomo, nenani kuti, "Chisomo, wakonzekera, lowa ukayankhe funso limodzi limodzi." Ethan Kross wa ku yunivesite ya Michigan anafalitsa kafukufuku mu 2014, mmene anthu anapatsidwa mphindi 5 zokha kuti akonzekere kulankhula pamaso pa oweruza. Amene anadzilankhula ndi dzina lawo analankhula bwino kuposa amene ankati "ine," ndipo pambuyo pake sanachite manyazi kwambiri. Tonse timadziwa kulangiza mnzathu modekha, koma vuto likakhala lathu nzeru zimathawa, ndiye dzinalo limatitalikitsako pang'ono ndi vutolo.

Pano ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri amasokera. Mumamva olimbikitsa anthu pa Facebook ndi m'misonkhano akunena kuti muziima pagalasi m'mawa uliwonse n'kumabwereza kuti ndinu wopambana. Ine sindingalangize munthu wosweka mtima kuti achite zimenezo. Joanne Wood wa ku yunivesite ya Waterloo ku Canada anapeza mu 2009 kuti anthu odzikayikira, atauzidwa kubwereza mawu akuti iwo ndi anthu okondeka, anamva kuipa kuposa anzawo amene sanabwereze kanthu. Mukadziuza chinthu chimene simukuchikhulupirira, mtima umachitsutsa nthawi yomweyo, n'kuyamba kukukumbutsani nthawi zonse zimene munalephera.

Choncho sankhani mawu amene mtima wanu sungawakane. Usiku woti mawa ndi tsikulo, tengani pepala mulembepo zinthu zimene munazichitadi: kuti munamaliza maphunziro ngakhale fizi inkavuta, kuti munasunga ndalama za banki mkhonde chaka chonse popanda kusowa tambala. Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford ku America analemba mu 1977 kuti chimene chimalimbitsa kwambiri kudzikhulupirira ndi zinthu zimene munthu wazichita n'kuzikwanitsa, ndipo mawu olimbikitsa ali ndi mphamvu yocheperapo. Pansi pa pepalalo lembani chopinga chimodzi chimene mukuchiopa, pamodzi ndi chimene mudzachite chikadzafika, mwachitsanzo: "Funso likandizunguza, ndidzapuma kawiri mozama, kenako ndidzapempha kuti alibwereze." Werengani pepalalo m'mawa musananyamuke.

Makolo ndi aphunzitsi amene mukumvera, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Mwana amene amauzidwa tsiku ndi tsiku kuti ndi mbuli amadzayamba kudziuza yekha mawu omwewo inu kulibe. Akalakwa, dzudzulani chimene walakwacho, muuzeni kuti samuyi wailakwitsa pa sitepe yakuti, ndipo ayambirenso pamenepo.

Malangizowa ndi a mantha a tsiku ndi tsiku. Ngati maganizo odziona wachabechabe apitirira masabata 2, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, kapena mukuganiza zodzipha, musalimbane nazo nokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo akuperekezeni kuchipatala chimene muli nacho pafupi kuti mukaonane ndi achipatala.