Makalata a Omvera: A Sajeni a ku Machinga alemba za ku Helmand

Moni nonse amene mwatchera khutu, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, inu a ku Chipata ndi ku Tete, ndi inu a ku Johannesburg amene mumatipeza pa intaneti. Thumba la makalata sabata ino ladzaza mpaka kukamwa, ndipo ambiri akuyankha nkhani ya sabata yatha, pamene tinkakumbutsana mmene Afghanistan inagwera m'manja mwa a Taliban mu Ogasiti 2021.

Bambo wina wa ku Zingwangwa walemba mwachidule. Akuti: "Asilikali a ku Afghanistan anali amantha basi. Anapatsidwa mfuti, magalimoto ndi ndege kwa zaka 20, koma adani atangotulukira anavula yunifolomu n'kuliyatsa liwiro." Bambo, mawu anuwo asungeni kaye, chifukwa pali munthu amene wakuyankhani asakudziwa, ndipo iyeyo anali komweko.

Mayi a ku Area 25 akufunsa ngati ku Afghanistan amadya nsima. Mayi, chimanga amalima, koma mthiko sanaudziwe. Mwina mukatsegule lesitilanti kumeneko, mudzatikumbukire mukalemera.

Tsopano kalata imene yandigwira mtima. Ndi yaitali, ndipo ndiiwerenga pafupifupi yonse, amene mukudikira moni wanu mupirire.

"Ndine Mmalawi wa ku Machinga, pano ndikukhala ku England. Dzina langa musalitchule. Ndinalowa usilikali wa Britain monga anachitira anyamata ambiri a m'mayiko a Commonwealth, ndipo ndili sajeni ananditumiza ku Helmand, kummwera kwa Afghanistan. Ndinali m'kagulu kochepa ka alangizi. Tinkakhala mumpanda umodzi ndi asilikali a dzikolo, kulondera limodzi, kuthawa zipolopolo limodzi, n'cholinga choti tsiku lina adzaime paokha.

"Tinkadzuka kusanache chifukwa mu Juni ndi Julayi dzuwa likakwera kutentha kumapitirira madigiri 45, ndipo munthu wavala chovala choteteza ku zipolopolo, wasenza madzi, wailesi ndi mfuti. Ntchito yambiri inali yosasangalatsa kuifotokoza: kuwerenga zipolopolo, kuona ngati mfuti zapukutidwa, kufunsa kuti mafuta a galimoto apita kuti, kuphunzitsa munthu kuwerenga mapu. Ambiri mwa anyamatawo sanapiteko kusukulu, moti nambala ya mfuti yake yomwe munthu sankatha kuiwerenga. Koma pa nkhani yoona pamene pakwiriridwa bomba, iwo ndiwo anali aphunzitsi athu. Ife tinkayenda ndi makina ofufuzira zitsulo pansi, iwo ankangoyang'ana dothi n'kunena kuti apa pakumbidwa usiku. Ndipo akaona kuti ana asowa m'njira, amayi alowa m'nyumba, ankadziwa kuti kutsogoloku kuli zinthu."

Omvera, mwamvatu. Munthu anapita kukalangiza, koma akuvomera yekha kuti pena ndiye ankalangizidwa. Ndipitirize.

"Chimene chinkandivuta kwambiri ndi chimanga. M'mbali mwa mtsinje wa Helmand amalima mothirira, ndipo cha mu Ogasiti ndi Sepitembala chimanga chimatalika kupitirira munthu. Ine ndinakulira m'munda, fungo la chimanga chachiwisi limandikumbutsa amayi anga. Koma kumeneko m'chimangamo ndi mmene ankabisalamo otiwombera, munthu osaona ngakhale mayadi asanu kutsogolo. Mpaka lero ndikabwera kumudzi nthawi ya dzinja, sindilowa m'munda, ndipo abale anga amati ndayamba matama a ku Ulaya."

Apa ndiime kaye. Abale a ku Machinga, ngati mukumvera ndipo mwamuzindikira mwana wanu, mwamva chifukwa chake. Si matama ayi.

"Ndinaphunzira msanga kuti mlangizi wothamanga sapindula kanthu. Ukalowa kwa mkulu wa asilikali awo ndi pepala m'manja n'kuyamba kulamula, amakumwetulira, kuvomera zonse, mawa osachita chilichonse. Umayenera kuvula nsapato, kukhala pansi, kumwa tiyi wawo wobiriwira, kufunsa za ana ake ndi za bambo ake, kenako nkhani ya ntchito imabwera yokha. Anzanga ena achizungu zinkawatopetsa, koma ine sindinaone chachilendo, chifukwa kwathu munthu sufika kwa amfumu n'kuyamba ndi mlandu usanapereke moni. Madzulo ankatiitana kukadya mpunga, nyemba ndi buledi wawo wopyapyala wa naan, tonse mbale imodzi, ndi manja. Atadziwa kuti ndine Msilamu anadabwa kwambiri. Munthu wakuda, yunifolomu ya Britain, koma akuswali nawo! Kuyambira pamenepo ankandiuza zinthu zimene sankauza anzanga: kuti malipiro achedwa miyezi, kuti mkulu wina akugulitsa mafuta, kuti pamndandanda wa malipiro pali mayina a anthu amene anamwalira kapena anathawa kalekale, ndalama zake wina akuika m'thumba."

Nkhani ya mizukwa yolandira malipiro, omvera, ife kuno sitifunika wotimasulira. Koma taganizani mizukwayo ili pamndandanda wa anthu oyenera kugwira mfuti. Pepala likuti pamalo pali asilikali 100, adani akabwera pamapezeka anthu ochepa, anjala, zipolopolo zosakwana.

A Sajeni akupitiriza kunena chinthu chimene ambiri sitichidziwa. Akuti asilikali ambiri amene ankagwira nawo ntchito sanali a ku Helmand. Anali ochokera kumpoto, a mitundu ya Tajik, Uzbek ndi Hazara, olankhula Chidari, pamene anthu a m'midzi ya ku Helmand ndi a Pashtun, olankhula Chipashto. Ndiye kuti kwa mlimi wa m'deralo, msilikali wa boma lake lomwe analinso mlendo. Mlendo wochokera ku Machinga kudzera ku England akulangiza mlendo wochokera kumpoto za mmene angakhalire ndi eni mudzi.

Kenako akulemba za chaka cha 2012, pamene asilikali a mayiko akunja oposa 60 anaphedwa ndi anthu ovala yunifolomu ya asilikali kapena apolisi a Afghanistan, anthu amene ankawaphunzitsa. Akuti: "Lamulo linabwera lakuti tikamakumana nawo, mmodzi wa ife aziima pakona mfuti ili yotchera, kuyang'anira anzathu omwewo. Ndinkamwa tiyi ndi munthu amene dzulo lake anandikoka kuti ndisaponde bomba, kumbuyo kwanga kuli mnzanga wokonzeka kumuwombera. Iye ankaona, ine ndinkaona, tonse osanena kanthu. Lamulolo linali loyenera chifukwa anthu ankafadi, koma linkandidya mumtima."

Ndipo pamapeto akupereka maganizo awo, mosapsatira. "Ife tinkakhala miyezi isanu ndi umodzi n'kusinthana. Mkulu wa asilikali amene ndinkamulangiza anali ataona alangizi ambirimbiri ine ndisanafike, aliyense ndi nzeru zake, aliyense kuyambira pachiyambi. Tinawamangira gulu lankhondo lofanana ndi lathu, lodalira ndege, mafuta ochuluka ndi amakaniko ochokera kunja. Titachoka, zonsezo zinachoka nafe. Womasulira wanga, mnyamata wa ku Kabul amene ankayenda nafe wopanda mfuti atadziphimba kumaso kuti asamuzindikire, anathawira ku Pakistan ndi mkazi ndi ana, akudikirabe mapepala. Amandilembera pa WhatsApp kunditchula kuti m'bale wake. Ine ndimasowa chomuyankha. Kodi zonse zimene tinachita zinapita pachabe?"

A Sajeni, choyamba zikomo. Simunalembe ngati munthu wofuna kutamandidwa, ndipo n'chifukwa chake ndakukhulupirirani.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndi zoona, munapita ndi luso limene anyamata aja analibe. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Vuto limene ine ndikuliona m'kalata yanu ndi lakuti amene anakonza ntchitoyi anakumbukira mwambi woyamba n'kuiwala wachiwiri. Asilikali a Britain analowa ku Helmand mwamphamvu mu 2006, anapereka kampu yawo yaikulu ya Camp Bastion kwa asilikali a Afghanistan mu Okutobala 2014, ndipo m'nkhondo yonseyo anataya anthu 457. Aliyense ankadziwa kuti tsiku lochoka lidzafika. A Taliban ankadziwa, mlimi wa chimanga uja ankadziwa, ndipo ankayenera kuganiza kuti alendowa akadzapita adzatsala ndi ndani. Limenelo silinali vuto loti sajeni angalikonze ndi kapu ya tiyi.

Kodi zinapita pachabe? Ine ndiyankha monga ndikuonera. Zimene andale analonjeza zinagwa, pamenepo tisanamizane. Koma mnyamata amene munamuphunzitsa kumanga bala kuti mnzake asathe magazi, mnzakeyo mwina ali moyo lero, ali ndi ana. Ndipo womasulira wanu musasiye kumuyankha. Ngakhale mulibe mapepala oti mumupatse, mungathe kulemba kalata yochitira umboni kuti anagwira nanu ntchito, mungathe kupita kwa phungu wa dera limene mukukhala, mungathe kufunsa mabungwe a asilikali opuma amene akhala akumenyera nkhondo omasulira. Mu Ogasiti 2021 Britain inatulutsa anthu oposa 15,000 pa bwalo la ndege la Kabul, koma ambiri amene anathandiza asilikali akunja anatsala. Munthu wokutchulani m'bale, kukhala chete kwanu kungamupweteke kuposa kumuuza kuti lero palibe chatsopano.

Tsopano tibwerere ku Zingwangwa. Bambo, mu Januwale 2019 pulezidenti wa nthawiyo, Ashraf Ghani, ananena poyera kuti asilikali ndi apolisi a dziko lake oposa 45,000 anali ataphedwa kuyambira pamene iye analowa m'boma mu 2014. Anthu amantha safa chotero. Mu Febuluwale 2020 America inasainirana pangano ndi a Taliban ku Doha, m'dziko la Qatar, boma la Afghanistan lisali patebulo. Amakaniko okonza ndege anachoka, ndipo pa 15 Ogasiti 2021 Ghani mwini wake anakwera ndege kuthawa. Kodi msilikali wa pamalo akutali, wosalipidwa, wopanda chakudya, atamva kuti mtsogoleri wapita, inu mukanamuuza kuti afere ndani? Alipo amene anagulitsa anzawo, makamaka akuluakulu, ndipo amenewo adzudzuleni. Koma musawaphatikize ndi anyamata amene manda awo ali mbwee m'midzi ya dziko lija. Ndakudzudzulani mwachikondi, mudzalembenso.

Kalata ya a Sajeni yandifikitsa pa nkhani imene yakhala ikubwera mobwerezabwereza. Sabata ino yokha amayi angapo, wina wa ku Zomba, wina wa ku Salima, alemba zofanana: amuna awo anabwerako ku ntchito yosungitsa mtendere ku DRC ali anthu ena. Sagona, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amakalipa popanda chifukwa, ena alowerera mowa. Ndipo achibale akuti walodzedwa, kapena ndalama zamuzunguza mutu.

Abale anga, tiyeni tilankhulane. Msilikali akamabwera timamuchingamira kuyang'ana chikwama. Wabweretsa chiyani, agula galimoto liti, amanga nyumba ya malata angati. Palibe amene amamufunsa kuti m'maso mwako mwatsala chiyani. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi mzinda wa Beni ku DRC. Anzawo amene anaona zimenezo, amene ananyamula mitembo, ali pakati pathu, timakwera nawo minibasi. Agogo athu amene anamenya nkhondo ku Burma m'gulu la KAR (King's African Rifles), asilikali a nthawi ya atsamunda, nawonso anabwera ndi zawo, ambiri anapita nazo kumanda osauzako munthu, ife n'kumangoti agogo aja anali ovuta. Tisabwerezenso zimenezo. Matenda amenewa ndi odziwika ndipo ali ndi chithandizo. Ku Zomba kuli chipatala cha matenda a maganizo, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God, ndipo kupita kumeneko sikuti munthu wapenga. Amayi, musalimbane naye usiku akadzidzimuka, dikirani kuche, mulankhule naye modekha, mupeze mnzake wa ku ntchito amene amamumvera. Koma akayamba kukumenyani, chokanipo kaye ndi ana ndipo mukanene, chifukwa kudwala kwake si chilolezo chokuvulazani. Inunso abambo ovala yunifolomu, munaphunzira kunyamula mnzanu wovulala, lolani kuti nanunso akunyamuleni.

Mnyamata wa ku Mzuzu akuti wina pa Facebook akumuuza kuti atumize ndalama amupezere malo mu usilikali wa Britain. Mphwanga, malo a usilikali sagulitsidwa ndipo kufunsira ntchitoyo salipiritsa. Ameneyo ndi wakuba, usatumize ngakhale tambala. Komanso umvetserenso kalata ya a Sajeni usanasankhe.

Aphunzitsi a ku Chipata akufunsa ngati atsikana a ku Afghanistan abwerera kusukulu. Ayi aphunzitsi, a Taliban atatenga boma anatseka sukulu za sekondale kwa atsikana, moti amalekera giredi 6, ndipo mu Disembala 2022 anawaletsanso ku yunivesite. Auzeni atsikana a m'kalasi mwanu zimenezi.

Agogo a ku Ntcheu, moni wanu kwa zidzukulu za ku Bulawayo wafika. Nthawi yatithera, makalata okhudza mtengo wa feteleza tiwerenga sabata yamawa, ndipo ndi ambiri, bwerani mutadya.